LAMULUNGU LA KALE NDI LAMULUNGU LA LERO

M'buku la Mlaliki (7:10) muli chenjezo limene nkhalamba sizikondwera nalo kwenikweni. Mlembi woyerayo aletsa munthu kufunsa chifukwa chake masiku akale anali okoma kupambana a tsopano, nati funso lotere silichokera m'nzeru. Komabe funso lomwelo limveka kawirikawiri kwa Kapelula, m'dziko la fodya la Kasungu, makamaka pa Lamulungu masana, akulu atabwerako ku mapemphero nakhala patsinde pa mtengo wa mango. Adandaula kuti tsiku la Ambuye lasanduka la phokoso, nakumbuka zaka zija pamene mudzi wonse unkazinga wailesi imodzi. Kodi alakwa potero? Mlanduwu uyenera kupetedwa bwino, pakuti m'madandaulo ao muli maso a chimanga, mulinso madeya.

ZIMENE AKULU AKUMBUKA

Wailesi idafika m'midzi ya dziko lino MBC isanabadwe. M'chaka cha 1949 kudabwera kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya, kamene Azungu adakatcha Saucepan Special. Ndi kameneka anthu a Nyasaland ankamvera nyumba ya mphepo ya ku Lusaka, kumene Alick Nkhata ankaulutsa mau ndi kuimba m'Chinyanja ndi m'Chibemba. M'chaka cha ufulu, 1964, MBC idayamba nchito yake, ndipo patapita nthawi mawailesi a Nzeru, opangidwa m'dziko lomwe lino, adalowa m'nyumba za alimi. Mlimi akapeza bwino pa fodya wake ankagula njinga, kapena malata, kapena wailesi. Wailesiyo inkafundidwa kansalu koluka ngati mwana wakhanda, ndipo mabatire ake akafooka ankayanikidwa padzuwa kuti alankhulenso pang'ono.

Wailesi ya kanema idachedwa kufika, pakuti Television Malawi idatsegulidwa m'chaka cha 1999. Motero mipikisano ya mafunso imene a maiko ena aikumbuka ndi maso, a kwa Kapelula aikumbuka ndi makutu. Akumbuka Top of the Class, m'mene ana a sukulu za sekondale ankapikisana poyankha mafunso m'Chingerezi. Agogo osadziwa ngakhale liu limodzi la chilankhulocho ankatchera khutu ndithu, nayang'ana mdzukulu wao kuti aone ngati milomo yake itsogolera yankho. Wofunsa mafunso sankaoneka nkhope, koma mau ake ankadziwika ngati a mbale. Akumbukanso sewero la Kapalepale la Smart Likhaya Mbewe, ndi moni wopatsana m'Zokonda Amayi. Mwini wailesi ankaitulutsa pakhonde, anansi nabwera ndi mipando ndi mphasa zao. Mwana akasokosera, diso limodzi la amalume linkakwanira.

Ngakhale wailesi isanadze, Achewa anali nao mpikisano wao wa mafunso. Madzulo pamoto wina ankati "Chilape!" ena navomera "Nachize!" ndipo mwana ankaphunzira kuganiza asanatsegule pakamwa.

Lero pa Lamulungu masana pamalo ogulitsira malonda pamveka zokuzira mau za m'nyumba zoonetsera kanema, anyamata ali kukuwira mpira wa ku England, ena ali kubetcha pa lamya ya m'manja ndalama imene idayenera kugula feteleza. M'nyumba imodzi anthu asanu akhala moyandikana, koma aliyense wawerama pa kagalasi kake.

MASO A CHIMANGA

Akulu sanama ponena kuti china chatayika. Chimene mtima wao ulira, ngakhale iwo achitcha wailesi, ndi zinthu zitatu.

Choyamba ndicho kumvera pamodzi. Chimene adamva mmodzi adachimva onse, nakambirana, natsutsana, naseka pamodzi. Chachiwiri ndicho malire. Pologalamu inali ndi ora lake, mabatire anali okwera mtengo, ndipo wailesi ikazimitsidwa pankatsala bata, lopatsa mpata wa kuyendera wodwala ndi kunena Kolona. Chachitatu ndicho ulemu wa kudikira: funso lithe, wofunsidwa aganize, pamenepo ayankhe.

Zitatu zimenezi ndizo zomwe Misa ifuna kwa Mkristu: asonkhane ndi anzake, apatule nthawi, amvere asanayankhe. Mneneri Eliya pa phiri la Horebu sadampeze Mulungu m'mphepo yamkuntho, kapena m'chivomezi, kapena m'moto, koma m'kamphepo kayaziyazi (1 Mafumu 19). Khutu lozolowera phokoso usana ndi usiku lidzamva bwanji kamphepo kotere?

MADEYA

Koma Mlaliki sadachenjeze pachabe. Aisraele m'chipululu adalira nsomba, nkhaka, mavwende ndi anyezi a ku Ejipito (Numeri 11), naiwala njerwa ndi mkwapulo wa akapitao. Mtima wa munthu uli wotero: usunga zokoma, nukwirira zowawa.

Bata la zaka zija silinali lonse la Mulungu. Lina linali la mantha. Nyumba youlutsira mau inali imodzi, chipani chinali chimodzi, ndipo panali mafunso amene munthu sankawafunsa ngakhale m'nyumba mwake. Bata limenelo lidasweka pa Lamulungu, pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya Aepiskopi ya m'nyengo ya Lenti idawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse. Tsiku limenelo Eklezia adaonetsa kuti kukhala chete pamaso pa chosalungama sikuli kuyeretsa tsiku la Ambuye.

Ndiponso sanali onse amene ankakhala pakhonde kumvera wailesi. M'maesiteti a fodya a m'Kasungu munali matenanti ochokera kutali, amene ana ao ambiri sadapondeko m'kalasi kuti tsiku lina akayankhe funso pa wailesi. Amene akumbuka Lamulungu lokoma adzifunse ngati linali lokomanso kwa iwo amene ankamsokera fodya.

EKLEZIA SADANA NDI MAKINA

Pali ena oganiza kuti mankhwala ake ndi kutaya kanema ndi lamya kudzala. Eklezia saphunzitsa motero. Papa Pio XII, m'kalata yake Miranda Prorsus ya m'chaka cha 1957, adayesa sinema, wailesi ndi kanema mphatso za Mulungu zodzera m'nzeru za munthu, nachenjeza kuti zingamange kapena kupasula. M'chaka cha 1958 Papa yemweyo adaika Klara Woyera wa ku Assisi kukhala nkhoswe ya wailesi ya kanema, chifukwa mbiri yake isimba kuti pa Khirisimasi ina, ali gone ndi matenda, adaona ndi kumva mapemphero a m'tchalitchi ali m'chipinda chake. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican udabwereza chiphunzitso chomwechi m'chikalata Inter Mirifica pa 4 Disembala 1963. M'dziko lino Radio Maria idayamba ku Mangochi m'chaka cha 1999, ndipo odwala ndi okalamba ambiri atsatira Misa pa wailesi imeneyi ndi pa kanema wa Luntha wa ku Balaka.

Tsono mlandu suli pa chipangizo. Khasu lomwe lipalira chimanga lingathenso kudula phazi. Mlandu uli pa mtima umene walola wantchito kukhala pampando wa mwini nyumba.

LAMULO LACHITATU M'MUNDA WA FODYA

Mdani wamkulu wa Lamulungu kwa Kapelula sali kanema yekha. Fodya ndi mbeu yosapatsa tulo. Kuthirira nazale, kuokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, kudinda mabelo pa jeke, kudikira galimoto yopita ku okushoni ku Chinkhoma kapena ku Kanengo: chaka chitha mlimi asanaongole msana. Mdyerekezi safuna mau ambiri. Angonong'oneza kuti Lamulungu limodzi lokha silingaononge kanthu.

Eklezia, pokhala mai, adziwa kuti ilipo nchito yosadikira. Moto wa m'balani ya fodya wochiza ndi utsi kapena ndi mapaipi sungasiyidwe masamba ali pakati pa kuuma, ndipo chigafa chikagwa ndi mvula chiyenera kudzutsidwa tsiku lomwelo. Ambuye Yezu adaphunzitsa kuti tsiku lopumula lidaikidwa chifukwa cha munthu (Marko 2:27). Koma kusankha masamba ndi kudinda mabelo zingadikire Lolemba. M'chipululu Mulungu ankagwetsa mana a masiku awiri pa tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndipo amene adatuluka kukatola pa tsiku lopumula adabwerako chimanjamanja (Eksodo 16). Phunziro lake ndi lakuti munthu sakhala moyo ndi thukuta lake lokha.

Lamuloli lili ndi mbali ina imene olemba anzao nchito sakonda kuimva. M'buku la Deuteronomo (5:14-15) mpumulo ulamulidwa kwa mwini nyumba, kwa ana ake, kwa antchito ake, kwa mlendo, ngakhale kwa ng'ombe ndi bulu, ndipo chifukwa chake nchakuti Aisraele nawonso adalawa ukapolo. Choncho Mkristu amene avala jekete napita ku Misa, atasiya aganyu ndi ana ali kusoka fodya m'chigafa mwake, sanasunge Lamulungu, wangolisenzetsa anzake.

M'chaka cha 304, ku Abitene, m'dziko limene lero litchedwa Tunisia, Akristu 49 adagwidwa chifukwa chosonkhana pa Lamulungu mfumu Diocletian italetsa. Pozengedwa mlandu adayankha kuti sangathe kukhala moyo popanda chakudya cha Ambuye cha tsikulo, ndipo adafera mau amenewo. Papa Yohane Paulo II, amene adayendera Malawi m'chaka cha 1989, adakumbutsa za iwo m'kalata yake Dies Domini ya m'chaka cha 1998. Iwo adataya moyo. Kodi Mkristu wa lero alephere kutaya theka la mpira?

FODYA WA PAMPHUNO

Makolo adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Lamulungu la zaka zakale lidapita ndi mphepo. Limene Mulungu adzafunsa ndi limene likudza sabata ino. Madzi akatayika saoleka, koma chitsime chikadalipo.

Atate a banja ayambe ndiwo kuika lamya yao pambali kuyambira pa Misa kufikira banja litadya nsima ya masana, pakuti mwana satsata mau koma mapazi. Ngati pali chooneka chabwino pa kanema, banja lichione pamodzi, chikatha achizimitse. Agogo asangodandaula, aitane adzukulu madzulo, awaphere zilape, awafunse zimene wansembe kapena katekisiti adalalika m'mawa, ndi mafunso a katekisimu. Akristu a m'Mphakati apatule ora limodzi la kuyendera wodwala ndi wamasiye. Wolemba anzake nchito awamasule Loweruka madzulo, atawalipira zao.

Yezu ali ndi zaka khumi ndi ziwiri adapezeka m'Nyumba ya Mulungu atakhala pakati pa aphunzitsi, ali kumvera ndi kufunsa, ndipo onse adazizwa ndi mayankho ake (Luka 2:46-47). Yemweyo adzabweranso kudzafunsa anthu onse, ndipo mafunso ake adawaulula kale (Mateyo 25): za wanjala, za waludzu, za mlendo, za wausiwa, za wodwala ndi za wam'ndende. Pa tsiku limenelo sipadzakhala mnzake wonong'oneza yankho. Mulungu adapatsa munthu tsiku limodzi pa masiku asanu ndi awiri kuti akonzekere.

Maria Virigo Woyera, amene ankasunga mau onse ndi kuwalingalira mumtima mwake, apempherere mabanja a kwa Kapelula ndi a m'dziko lonse la Malawi, kuti aphunzirenso kukhala chete pamaso pa Mulungu ndi kumverana wina ndi mnzake, kufikira adzalowe mu mpumulo wosatha. Amen.