Kodi Mwana Wamanzere Timuwongole?

Ambiri a ife tinakula tikuona mwana akumenyedwa kadzanja chifukwa chotapa nsima ndi dzanja lamanzere. Ena mwa ife ndife amene tinkamenyedwa. Lero tikuphunzitsa ana m'makalasi athu, ndipo funso latigwera ifeyo: mwana akagwira pensulo ndi manzere, tichite naye chiyani? Tiyeni tiyambire ku masewera a nkhonya.

Pa anthu 10 alionse padziko lapansi, pafupifupi mmodzi amakhala wamanzere. Koma mu 2019, Thomas Richardson ndi Tucker Gilman a ku yunivesite ya Manchester atafufuza mbiri ya akatswiri a nkhonya ndi a masewera ena omenyana oposa 13,000, anapeza kuti amanzere ndi ochuluka pakati pawo kusiyana ndi pakati pa anthu wamba, ndiponso kuti amapambana kawirikawiri pang'ono kuposa anzawo. Manny Pacquiao wa ku Philippines, amene anatenga malamba m'magulu 8 a kulemera kwa thupi, ndi mmodzi mwa iwo.

Kodi dzanja lamanzere ndi lamphamvu kuposa linzake? Ofufuza ambiri akuloza kwina. Wamanja amatsogoza phazi lamanzere, pamene wamanzere amatsogoza lamanja, choncho nkhonya yake yamphamvu imatulukira mbali imene mnzake sanazolowere kutchinga. Wamanzere wakhala akulimbana ndi amanja kuyambira tsiku loyamba, koma wamanja amakumana ndi wamanzere mwa apo ndi apo. Michel Raymond ndi anzake a ku France anafotokoza ganizoli mu 1996, ataona kuti amanzere amachuluka m'masewera oyang'anizana ndi munthu, osati m'masewera amene munthu amachita payekha. Amanzere akanakhala theka la anthu onse, mwayi umenewu ukanazilala.

Apa tikuphunzirapo zinthu ziwiri. Choyamba, dzanja lomwelo limene kumudzi limabweretsa manyazi, ku nkhonya limabweretsa ndalama ndi ulemu. Dzanjalo silinasinthe, chasintha ndi maso a anthu ozungulira. Ndiye kuti palibe chifukwa chonyozera wamanzere, komanso iye alibe chodzitamandira. Chachiwiri, chibadwa pachokha sichipambanitsa munthu. Marvin Hagler anali wamanja, koma anadziphunzitsa kumenya ataima mwamanzere mpaka anakhala katswiri wa dziko lonse kuyambira 1980 mpaka 1987.

'Abdu'l-Bahá anaphunzitsa kuti khalidwe la munthu lili ndi mbali zitatu: lachibadwa, lotengera kwa makolo, ndi lophunzira. Anafotokozanso kuti zimene Mulungu anaika mwa munthu si zoipa, choipa chimabwera ndi mmene tazigwiritsira ntchito. Ntchito ya mphunzitsi ndi kuzindikira zimene zili mwa mwana ndi kuzikulitsa.

Wina anganene kuti: nanga mwambo? Kwathu kuno kupereka kapena kulandira chinthu ndi manzere kumaoneka ngati mwano, ndipo mwana wosadziwa zimenezi adzavutika pakati pa akuluakulu. Nkhawa imeneyi ndi yomveka ndipo tisaipeputse. Koma tisiyanitse ulemu ndi chibadwa. Mwana aliyense, wamanja kapena wamanzere, angathe kuphunzira kulandira ndi manja awiri, ndipo pamenepo walemekeza akulu. Koma kumukakamiza kulemba ndi dzanja limene silimumvera, kapena kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake, sikulemekeza munthu aliyense. Kumangomuphunzitsa kuti mmene analengedwera ndi molakwika, ndipo phunziro lotere limakhala mumtima zaka zambiri.

Palinso china. Mphunzitsi wa nkhonya akadziwa kuti wophunzira wake akakumana ndi wamanzere, amafunafuna wamanzere woti aziyeserera naye, chifukwa popanda kutero akagonja. Nafenso pokambirana timafunika mnzathu amene amaona nkhani kuchokera mbali imene sitinazolowere. Nthawi zina amatichedwetsa ndipo timalakalaka atangovomereza. Komatu iye ndi amene amationetsa pamene tasiya posatchinga.

Tisanabalalike, tikambirane izi. Kodi ndi zinthu ziti zimene timadzudzula mwa ana chifukwa ndi zoipadi, nanga ndi ziti zimene timadzudzula chifukwa sitinazizolowere? Ndipo kholo likatipempha kuti tisinthe dzanja la mwana wake m'kalasi, tingaliyankhe bwanji mwaulemu, popanda kulakwira mwanayo?