Mfundo zofunika pokonzanso holo ya m'dera

1. Malo osangalalirako sawonongeka ndi ukalamba wokha, amawonongeka akasowa mwini. Ku Blantyre, French Cultural Centre inkadzaza anthu magulu a zisudzo monga Kwathu ndi Wakhumbata ya Du Chisiza Jnr akamasewera. Afalansa atachoka mu 2011, malowo anakhala opanda owayang'anira, akuba n'kulowa kukazula chilichonse chonyamulika. Boma linawatenga n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, koma ntchito yowakonza yadya zaka zambiri. Malipiro a alonda sakanafika pa mtengo wa ntchito imeneyo.

2. Yambani ndi denga, mipope ndi zimbudzi. Penti ibwere pomaliza, ngakhale ndi imene imaoneka bwino pa tsiku lodula riboni.

3. Funsani anthu amene adzagwiritse ntchito holoyo, osati okhawo amene amakhala kutsogolo pa msonkhano. Kumadera othinana ngati Ndirande kapena Kawale, nyumba zinadya mabwalo kalekale, ndipo ana amasewera mpira wachikulunga mumsewu, galimoto ikabwera n'kuyamba anyamula miyala ya golo. Komiti ya holo ikakhala ya abambo okhaokha, imakumbukira bwalo la mpira wamiyendo ndi pokhala osewera bawo. Atsikana a ntchemberembaye akanafunsidwa akananena za chipinda chosinthiramo chokhala ndi loko, ndi getsi la panjira yobwerera kunyumba. Woyenda pa njinga ya olumala akanaloza masitepe a pakhomo. Zinthu zimenezi n'zotsika mtengo zikaganiziridwa simenti isanaume; zikakumbukiridwa mochedwa, pamafunika kugumula.

4. Kiyi asunge ndani? Apa ndi pamene ntchito zabwino zambiri zimafera. Holo yokonzedwa imafuna ndalama za magetsi, madzi ndi wosesa, choncho kubwereketsa ku maukwati, zinkhoswe ndi mapemphero si kulakwa. Vuto limabwera Loweruka ndi Lamlungu lililonse likagulidwa, mwana amene dzina lake linagwiritsidwa ntchito popempha thandizo n'kumasuzumira pawindo. Masiku a achinyamata alembedwe pakhoma ntchito isanathe, ndipo ndalama zolowa ndi zotuluka ziziwerengedwa pagulu. Komiti yokana zimenezi ndimaikayikira, kaya muli anthu aulemu wotani.

5. Maganyu okumba, kusenza mchenga ndi kupala matabwa apite kwa anthu a m'deralo. Mnyamata amene anaika yekha galasi salola mnzake kuligenda.

6. Mangani molimba kuposa mmene masewero akufunira. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre mu Marichi 2023, anthu anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndipo ana anakhala osaphunzira makalasi ali odzaza ndi mabanja. Dera lokhala ndi holo ya pamalo okwera, ya ngalande zotseguka, thanki ya madzi ndi zimbudzi zokwanira amuna ndi akazi, likhoza kusunga anthu ake pa tsiku lotere popanda kutulutsa ana m'kalasi.