Timitengo Tiwiri ta Fulu

Padangotero.

Panali mudzi wa nyama m'tsinde mwa phiri la Dedza, kumene chimanga chinkatha m'nkhokwe mwezi wa Disembala usanakwane. Tsiku lina mfumu Njovu inamva kuti alangizi akaphunzitsa kabzalidwe ka Sasakawa pa munda wachitsanzo, kutsidya kwa Linthipe. Inatuma Kalulu ndi Fulu kuti akamvere m'malo mwa mudzi wonse.

Kalulu anafika dzuwa likungotuluka, nakhala kutsogolo. Alangizi atangoti, "Mbewu imodzi pa phando," iye anadzambatuka.

"Basi ndamva! Achimwene a Fulu, mundipeza kumudzi."

Fulu anatsalira. Anagwada m'mizere, dothi lili mbuu m'maondo, naona alangizi akuyeza. Kuchoka pa mzere kufika pa unzake, masentimita 75. Kuchoka pa phando kufika pa linzake, masentimita 25. Poopa kuti manambala angamuthawe m'mutu, anathyola timitengo tiwiri, kakatali ndi kakafupi, natiyeza pa chingwe cha alangizi, natimangirira pamsana.

Paja ulendo wa Fulu mumaudziwa. Anafika patatha masiku atatu, mvula yobzalira itagwa kale. Apo n'kuti Kalulu atauza mudzi wonse kuti ulimi wamakono ndi mbewu imodzi pa phando, nkhani yathera pomwepo. Nyama zinabzala imodziimodzi, koma mapando ake otalikirana ngati akale aja, amene zinkaponyamo mbewu zitatu. Pamene pankaima mapesi atatu panaima phesi limodzi.

Fulu anapita kwa mfumu. "Zikomo mfumu, uthenga wafika woduka mchira." Koma Fisi anaseka kuti wochedwa alibe mawu, ndipo bwalo linabalalika.

Fulu sanakangane ndi aliyense. Anakonza mizere yake ndi kamtengo kakatali, nabzala ndi kakafupi, m'mbali mwa njira ya kuchitsime momwe aliyense ankadutsa. Pofika Febuluwale chimanga chake chinatseka nthaka, udzu n'kusowa pomerera, pamene m'minda ya anzake unkatha kuona mbuzi ili kumapeto kwa munda.

Pokolola kunali kulira. Nyama zinati Sasakawa ndi bodza la anthu a m'tauni, ndipo zinafuna kubwerera ku kabzalidwe ka makolo. Koma gogo Nungu, amene ankapumira pa munda wa Fulu tsiku lililonse pochokera kotunga madzi, anafunsa, "Mwanawe, iwe unatani?"

Fulu anamasula timitengo take. Sanawafotokozere zambiri; anawapatsa khasu kuti ayeze okha. Gogoyo anathyola timitengo tawo, nakaonetsa Gwape, Gwape nakaonetsa Nguluwe.

Usiku wina Fulu anamva kugogoda. Anali Kalulu, makutu ali lende.

"Achimwene, ndiyambireni pamene ndinachokera paja."

Fulu anamupatsa mpando, nayambira pachiyambi penipeni. Chaka chotsatira mudzi uja unamanga nkhokwe zatsopano, ndipo mpaka lero pa tsindwi la nyumba iliyonse pamasomekedwa timitengo tiwiri, kakatali ndi kakafupi.