Blantyre wa ku Scotland ndi Mlandu wa Thonje la Akapolo

Blantyre ndi mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, makilomita pafupifupi 13 kuchokera mumzinda wa Glasgow. M'zaka za m'ma 1200 kunali nyumba ya ansembe a chipani cha Augustino, koma chimene chinakuza mudziwu ndi fakitale yopota thonje yomwe David Dale anatsegula mu 1785.

Antchito ena ankakhala m'nyumba yosanja yotchedwa Shuttle Row, mabanja 24, lililonse chipinda chimodzi chophikiramo ndi kugonamo. M'chipinda chotere ndi mmene munabadwira David Livingstone pa 19 Malichi 1813. Atakwanitsa zaka 10 analowa ntchito yolumikiza ulusi ukaduka pamakina, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, ndipo akaweruka ankapitanso kusukulu. Buku ankaliika pamakinapo n'kumaba mzere umodziumodzi akamadutsa. Bambo ake, a Neil, anali ogulitsa tiyi ndiponso mphunzitsi wa Sande sukulu, munthu woopa Mulungu kwambiri.

Komatu thonje limene linkadyetsa mabanja opempherawa linkalimidwa ndi akapolo ku America ndi kuzilumba za Caribbean. Apa m'pamene pagona funso lovuta: kodi munthu amene sanagwirepo chikoti, koma chakudya chake chimachokera m'thukuta la kapolo, ali ndi mlandu pamaso pa Mulungu?

Mwana wa zaka 10 wodzuka usikusiku chifukwa cha umphawi sangaimbidwe mlandu, poti nayenso ankadyeredwa masuku pamutu. Mlandu umayamba pamene munthu wadziwa kumene chuma chikuchokera ndipo ali ndi mphamvu yochitapo kanthu. Livingstone, ataphunzira zaudokotala ku Glasgow kuyambira 1836, anathera moyo wake polimbana ndi malonda a akapolo. Atafika kuchigwa cha Shire ndi ku Nyanja ya Malawi mu 1859, ankakhulupirira kuti thonje lolimidwa ndi anthu aufulu, pamodzi ndi Uthenga Wabwino, lidzagwetsa ukapolo. Mu 1876, patatha zaka zitatu iye atamwalira, amishoni a Church of Scotland anatcha malo awo ku Malawi dzina la mudzi wakwawo.

Cholinga chinali chabwino, koma thonje silinasiye kuliritsa anthu. Ku Magomero, minda ya A. L. Bruce Estates, ya banja limene munakwatiwa mwana wa Livingstone, Agnes, inkalimitsa anthu thonje pa thangata, ndipo matchalitchi a Mbusa John Chilembwe sankaloledwa kumeneko. Pa 23 Januwale 1915 otsatira a Chilembwe anapha woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone.