Tsoka kwa Inu Oyeza Mpunga wa Mlimi

Tsoka kwa inu, mafumu a banja la Nguyễn a ku Phú Xuân! Mlimi ali chiweramire m'matope kuwokera mbande za mpunga, inu munali mutawerengera kale madengu amene adzakolole. Mfumu yanu inali mnyamata wamng'ono, ndipo ulamuliro unali m'manja mwa Trương Phúc Loan, nduna yosakhuta imene inasanjikiza msonkho pamwamba pa msonkho. Munasula ndalama za zinki zimene anthu sankazikhulupirira, eni nkhokwe anabisa mpunga, mtengo unakwera, njala inalowa m'midzi. Kumpoto kwa mtsinje wa Gianh anzanu a banja la Trịnh ankadyanso anthu chimodzimodzi, mfumu yaikulu ya banja la Lê ili duu pampando ku Thăng Long, yopanda chonena.

Munadabwa chiyani mu 1771 pamene abale atatu a m'mudzi wa Tây Sơn, Nguyễn Nhạc, Nguyễn Huệ ndi Nguyễn Lữ, anatenga zida? Nhạc ankagulitsa masamba otafuna a betel, ankatoleranso msonkho wanu womwewo, choncho ankadziwa pamene pankapweteka. Anthu ake akalowa m'mudzi ankatentha mabuku a msonkho, n'kulanda chuma cha olemera kugawira osauka. Mu 1773 anatenga Quy Nhơn. Pofika 1777 ambiri a banja lanu anali ataphedwa, kunatsala mnyamata Nguyễn Ánh ali pa liwiro lothawa.

Koma nanunso abale atatu, musamwetulire. Mlandu wanu ndi waukulu kuposa wa amene munawachotsa, chifukwa inu munalonjeza. Zoti munali akatswiri pankhondo palibe wotsutsa: Huệ anaphwanya asilikali a ku Siam pa Rạch Gầm mu 1785, ndipo atadziveka ufumu n'kutenga dzina loti Quang Trung, anathamangitsa asilikali a ku China pa Đống Đa mu 1789, masiku a chikondwerero cha chaka chatsopano. Nanga amalonda achitchaina zikwizikwi amene munawapha ku Saigon mu 1782, mitembo n'kuiponya mumtsinje, anali okhometsa msonkho? Mu 1787 munatembenukirana nokhanokha, Huệ kuzinga mkulu wake weniweni ku Quy Nhơn ndi mizinga. Amene ankafa m'munsi mwa malinga aja sanali ana anu. Anali ana a alimi omwe aja anakutsatani chifukwa cha njala.

Munatentha mabuku a msonkho, kenako munalemba anu. Mwamuna aliyense anayenera kuyenda ndi chiphaso, ndipo wopezeka alibe ankangomugwira kupita naye kunkhondo. Pa amuna atatu alionse munkatengapo mmodzi. Mabelu a m'nyumba zopembedzeramo munawasungunula. Ankalima ndani m'minda amuna atapita? Amayi ndi nkhalamba, ndipo dengu lawo munkaliyezabe.

Quang Trung anamwalira mu 1792, ufumu n'kusiyira mwana. Mnyamata wothawa uja, Nguyễn Ánh, anabwerera ndi zombo ndi mfuti, ndipo mu 1802 anakhala mfumu Gia Long. Anafukula mafupa a Nhạc ndi Huệ n'kuwasinja, ndipo Bùi Thị Xuân, mayi amene ankatsogolera asilikali, anamupondetsa ndi njovu. Atatero anatumiza uthenga m'midzi kuti amuna amene anapulumuka nkhondo ya zaka 30 abwere ku Huế, komwe ndi ku Phú Xuân kuja, pa thangata, adzakumbe ngalande ndi kusenza dothi lomangira linga lake.