Kuona maso a nkhono n'kudekha

Nkhono ukaigwira mwaphuma imabisala m'chigoba. N'chifukwa chake akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zojambula nazonso zimafuna mtima womwewo.

Munthu wochoka ku Lirangwe akafika ku Mua, m'boma la Dedza, amapeza zithunzi zojambulidwa ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Wopupuluma amangoti, "Ndi gule uyu," n'kudutsa. Koma taimani pa chithunzi cha Kasiyamaliro. Thupi ndi la nyama yam'tchire, komabe Achewa amaonamo mayi wa mtundu, woperekeza mzimu wa womwalira. Ukayang'anitsitsa umamva maliro, umamvanso kubadwa. Utoto wofiira umakumbutsa magazi, woyera mizimu ya makolo. Zimandiwawa kuona ana asukulu akufulumizitsidwa pamalo otere chifukwa basi ikuwadikira panja.