Asokereni Bambo Tayi ndi Manja Anu

Chaka chino musapitenso pa kaunjika kukavundukula mulu wa matayi ovalidwa kale ndi anthu osawadziwa. Tengani lumo, singano ndi ulusi, muwasokere bambo tayi yomwe palibe mwamuna wina aliyense ali nayo. Mungathe! Zoti ndinu osaphunzira utelala zisakufooketseni. Ngakhale matayi odula a ku London ndi Naples, msoko wake wakumbuyo amausoka pamanja, ndipo manjawo muli nawo.

Yambani ndi nsalu, pakuti mphatso yonse yagona pamenepo. Chitenje chatsopano ndi chabwino, inde, koma taganizirani chija mayi anavala pa chinkhoswe cha achemwali anu, chomwe changopindidwa m'sutikesi. Apempheni! Malaya aja bambo anasiya kuvala chifukwa kolala inatha, dulanipo kachigamba kophimbira nsonga ya tayi mkati. Nsaluyo muichape kaye kuti ifewe ndi kutaya utoto wosagwira, kenaka muisite.

Tsono mverani bwino apa, chifukwa ambiri amagwera pomwepa. Tayi saidula motsata utali wa nsalu. Imadulidwa mopendekera, ngati mukulowera kungodya ina kuchokera kungodya inzake, pa madigiri 45. Njirayi anaitchukitsa ndi Jesse Langsdorf wa ku New York m'zaka za m'ma 1920, yemwe ankadula tayi m'zidutswa zitatu n'kuzilumikiza. Nsalu yodulidwa motero imatamuka pomanga, imabwerera m'malo mwake mukamasula, ndipo imagona bwino pachifuwa. Mukaidula mowongoka, bambo adzakhalira kuitembenuza mapemphero onse, iyo ikupotokera kumbali.

Patani musavutike nayo. Pezani tayi yakale yotheratu, muisomole misoko, muiyale pa nyuzipepala n'kujambula. Utali wake ukhale masentimita pafupifupi 145, ndipo ngati bambo ndi aatali kapena a mimba yaulemu (tisabise, alipo), onjezerani. Mkati ikani nsalu yokhuthalirapo, mupinde mbali zonse ziwiri, mugwirize ndi mapini. Msoko wakumbuyo usokeni ndi ulusi umodzi wautali, mosakoka kwambiri, ndipo kumapeto musiye kaulusi kolendewera kuti kasaduke tayi ikamatamuka. Positanso musakanikize simbi; yalani kansalu konyowa pamwamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye mukatopa siyani, mupitirize mawa.

Chotsala ndi chomwe sitolo singakugulitseni. Kumbuyo kwa tayi petani chiwongo chawo: Phiri, Banda, Mbewe, Mwale, chilichonse chomwe anthu akawaitana nacho nkhope yawo imawala. Munthu ameneyu anagulitsa fodya, mbuzi, mwina ndi njinga yomwe, kuti inu musabwezedwe kusukulu. Madzulo awiri kapena atatu a singano angakulepheretseni kumuthokoza? Msoko ukakhota pang'ono, ukhote. Bambo sadzafika nayo kwa telala kuti akaipime. Adzaivala kutchalitchi ndi kuukwati, n'kumauza aliyense wofunsa ndi wosafunsa yemwe kuti anasoka ndi mwana wawo.

Tsiku la Abambo limakhala Lamlungu lachitatu la mwezi wa June, koma palibe lamulo loti mudikire pamenepo. Bambo alipo lero, khosi lawo lilipo. Dzukani, kalankhuleni ndi mayi za chitenje chija, ndipo lumo mulinole usiku uno.